Msilikali akavula yunifolomu, amamuwerenga ndani?

Kuno kwathu ku Mulanje mwana akalowa usilikali timangoti wapita ku ami, basi nkhani yathera pompo. Kaya akuyendetsa galimoto, kaya akuphika, kaya akumanga milatho, kaya amakonza injini ya ndege ku Zomba, ife timangoona mfuti ndi majombo. Akabwera pa holide ana amamulondola mpaka pa Chitakale, azimayi nkumati mwana wa uje zake zinayera, koma palibe amene amamufunsa kuti kodi kumeneko ntchito yako yeniyeni ndi yotani, uli m'gulu liti, amakulamula ndani. Ineyo mafunso amenewa ndimawafunsa amalume anga, omwe anapuma usilikali ali sajeni mbali ya mainjiniya, ndipo zomwe amandiuza ndi zimene zandichititsa kuti ndilembe, chifukwa ndaona kuti mavuto a asilikali opuma sitingawamvetse ngati sitinamvetse kaye mmene msilikali amakhalira akadali pa ntchito.

Choyamba chimene amalume amanena nthawi zonse nchoti ku ami kulibe munthu woyenda yekha. Ukangomaliza maphunziro ku MAFCO, sukulu ya asilikali ija ya ku Salima, amakuika m'kagulu kakang'ono kotchedwa sekishoni, anthu 8 kapena 10, wowatsogolera ndi kopolo. Masekishoni atatu akakumana ndiye pulatuni, anthu cha m'ma 30, ndipo pulatuni imakhala m'manja mwa lefutenanti, nthawi zambiri mnyamata woti wangochoka kumene ku kozi, koma pambali pake amamuikira sajeni, munthu wokhalitsa amene amadziwa kuti uyu nsapato ikumuthina, uyu mkazi wake ali mchipatala, uyu mmene akuyenderamu malungo amuyamba. Mapulatuni atatu kapena anayi ndi kampani, anthu 100 ndi kanthu pansi pa meja, makampani angapo nkupanga bataliyoni ya anthu 600 mpaka 800 yolamulidwa ndi Lieutenant Colonel, mabataliyoni angapo nkupanga brigedi. Cobbe Barracks ku Zomba, Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Moyale Barracks ku Mzuzu, amenewa ndiwo makwawo a mabataliyoni a Malawi Rifles omwe ambirife tinakula tikuwamva. Dongosolo lonseli tinatengera kwa a Britain, nchifukwa chake msilikali wa kuno akakumana ndi wa ku Zambia kapena Kenya savutika kudziwa kuti wamkulu ndani.

Koma manambalawa si amene amandikhudza. Chimandikhudza nchifukwa chimene anakonzera choncho. Munthu mmodzi sangasamale anthu 700 olo atakhala wanzeru bwanji, koma kopolo atha kusamala anthu 9, amawadziwa mayina, nkhope, ngakhale kayendedwe kawo mumdima. Nde mmawa uliwonse pa perete amawerengana, kopolo kuuza sajeni, sajeni kuuza sajeni meja, mpaka nambala ikafike kwa bwana wamkulu kuti alipo ndi angati, odwala angati, ali pa ulendo angati, ndipo wina akasowa dzuwa silimalowa asanadziwike. Amene munagwirako pa esiteti mukudziwa mmene kapitawo amaitanira mayina anthu asanalowe m'munda wa tiyi, kungoti kapitawo amawerenga kuti wosabwerayo amudule ndalama, pamene sajeni amawerenga kuti wosowayo akamufunefune. Amalume anandiuzapo kuti, "Mphwanga, zaka zonse zimene ndinakhala ku ami sindinagonepo ndi njala popanda munthu wina kudziwa kuti ndagona ndi njala." Sikuti njala kunalibe, ku Mozambique anaiona ndithu, koma panali munthu amene ntchito yake inali kudziwa.

Tsono pali gulu lina lotchedwa sikwadironi. Kwa asilikali oyenda pansi kagulu ka anthu 100 kaja ndi kampani, koma m'dongosolo la a Britain lomweli, kwa mainjiniya, kwa oyendetsa magalimoto achitsulo ankhondo ndi kwa a zamawailesi, kagulu ka kukula komweko amati sikwadironi, ndipo timagulu ta mkati mwake sitikhala mapulatuni koma maturupu. A mizinga awo amati batire. Ntchito ya sikwadironi ya mainjiniya ndi kutsegula njira pamene palibe njira ndi kutseka njira pamene mdani akufuna kudutsa, kufukula mabomba okwirira, kukumba zitsime, kumanga misasa, ndi milatho. Amalume akayamba kufotokoza za mlatho wa Bailey maso amawala, mlatho wachitsulo uja anaupanga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, umabwera uli zidutswazidutswa pa lole, chidutswa chilichonse cholemera pafupifupi makilo 260 ndipo anachiyeza dala kuti anthu 6 athe kuchinyamula pamanja, nkumalumikiza ndi mapini, nkumaukankha pang'onopang'ono kuchokera tsidya lino mpaka ukagunde tsidya linalo, popanda kireni. Mmodzi mwa anthu 6 aja akangofooka kapena kuganiza zina, mnzake waphwanyika phazi. Ndiye mukaona asilikali akuyendera limodzi mwendo umodzi pa perete musamati nzongokongoletsa, akuphunzitsa thupi kumvera pamodzi.

Kwa a ndege sikwadironi ndi gulu la ndege za mtundu umodzi zogwira ntchito imodzi, pamodzi ndi anthu ake onse. M'mayiko a ndege zambiri sikwadironi ya ndege zankhondo imakhala ndi ndege 12 mpaka 24, zogawidwa m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo pamakhala masikwadironi osiyana, ena omenya nkhondo m'mwamba, ena onyamula katundu ndi asilikali, ena ozonda, ena a mahelikopita, ena ophunzitsa. A m'madzi nawonso gulu la sitima zingapo zoyendera limodzi amalitchula chimodzimodzi. Chimene ambiri sitidziwa nchoti mu sikwadironi ya ndege owuluka ndi ochepa kwambiri. Kuti payiloti mmodzi anyamuke pamafunika makaniko wa injini, wa zamagetsi, wa mafuta, woyang'anira masipeyala m'sitolo, woona za nyengo, wa pa wailesi, ozimitsa moto atayima chire pa bwalo, ndi munthu wosayina m'buku kuti ndege iyi ndayiona ndipo ili bwino. Ndege ikatera bwino dzina lomveka ndi la payiloti, wosayina uja palibe amamudziwa, ndipo akapuma ntchito amabwera kumudzi ngati munthu wamba woti m'manja muli zipsera za sipanala basi.

Kuno gawo la ndege linayamba mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, nchifukwa chake ndege zimene takhala tikuziona zaka zonsezi ndi za Dornier. Ndege zoponya mabomba tilibe, zathu ntchito yake ndi kunyamula anthu, katundu, odwala, ndi kufika kumene msewu waduka. Lamulo la asilikali la 2023 linagawa Malawi Defence Force m'magawo, a pamtunda, a m'mlengalenga, a m'madzi omwe likulu lawo ndi Monkey Bay, komanso a National Service. Papepala zikuoneka bwino, koma ife a kuno tinaphunzira mu Malichi 2023 kuti dzina la gawo silinyamula munthu, chimanyamula munthu ndi helikopita yoti ili ndi mafuta ndi masipeyala. Namondwe Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri, milatho itapita, madera a ku Muloza ndi ku Nkhulambe ku Phalombe atasanduka zilumba, anthu opitirira 1,000 atafa m'dziko muno tikaphatikiza amene sanapezeke mpaka lero, panafunika kuti mahelikopita abwere kuchokera ku Tanzania ndi Zambia kudzathandiza. Tikuthokoza anansi athu ndithu, ndipo anyamata athu anagwira ntchito yowawa, kufukula mitembo m'matope ku Chilobwe ndi manja ndi makasu, kuwolotsa anthu pa madzi oopsa. Koma dziko la mapiri ndi zigwa zosefukira chaka ndi chaka ngati lathu liyenera kukhala ndi sikwadironi ya mahelikopita yokwanira, yakeyake. Ine pamenepa sindisintha maganizo.

Ndipo pa 10 Juni 2024, Dornier 228 ija itagwa ku Chikangawa nkupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, atatu mwa omwalirawo anali asilikali oyendetsa ndegeyo. Anali ndi anzawo a pa ntchito omwe anadya nawo limodzi mmawa umenewo, omwe mawa lake anayenera kubweranso pa bwalo nkupitiriza ntchito. Anthu amenewo nawonso analira maliro, kungoti pa wailesi sitinawamve.

Usilikali kuno kwathu si wa dzulo ayi. Mukadutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese mupeza mabwinja a Fort Lister, linga limene atsamunda anamanga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo yopita kunyanja ya mchere ku Mozambique, ndipo ku boma kuno kunali Fort Anderson. M'malinga amenewa munali asilikali achi Sikh ochokera ku India pamodzi ndi anthu akuda olembedwa konkuno. Magulu amenewa ndi amene anadzalowa mu King's African Rifles itakhazikitsidwa mu 1902, a Keyala aja agogo athu ankawatchula, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ya Keyala zinali za Nyasaland. Tisabise, Keyala inali ami ya atsamunda, inkagwira ntchito ya atsamunda, kuphatikizapo kugonjetsa mafumu athu omwe. Koma anthu amene ankavala yunifolomuyo anali ana a m'midzi yathu, ambiri analowa pothawa msonkho ndi thangata la m'maesiteti.

Nkhondo yoyamba, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, inafika m'dziko muno mwachangu, pa 9 Seputembala 1914 anthu anali akuwomberana kale ndi a Germany ku Karonga. Asilikali a Nyasaland amene anamenya nkhondoyo anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko loti anthu onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Taganizani kaye nambala imeneyo. Amtengatenga ndiwo ankasenza ufa, zipolopolo, mahema, mtunda wa masabata, ambiri ogwidwa mokakamiza kudzera kwa mafumu ndi amesenjala a boma, ndipo ankafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala m'njira, nkusiyidwa pomwepo. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula zomwezi, kuti anthu osauka opanda kanthu akukafera nkhondo ya eni ake nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Mu Januwale 1915 anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa mbali yathu ino ya Mulanje akulowera kumalire. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linapepesa poyera litapeza kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo imeneyo, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a mu Africa ndi ku Middle East, sanalembedwe mayina pa manda kapena pa chipilala chilichonse pamene azungu analembedwa mmodzimmodzi. Amtengatenga analibe sajeni wowawerenga ngati anthu, ankawerengedwa katundu amene asenza.

Pa nkhondo yachiwiri a Keyala a kuno anamenyana ndi a Italy ku Moyale mu 1940, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndiko kunachokera dzina la balaki ya ku Mzuzu, anapita ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata, matope mpaka m'mawondo, akumenyana ndi a Japan. M'zaka za m'ma 1950 ena anapitanso ku Malaya. Alongo awo a agogo anga aakazi anali ku Burma kumeneko. Ine ndinawapeza atakalamba, ali mlonda pa esiteti ina, mamendulo awo ali m'kachitini, kabuku kawo kopumira ntchito chiswe chitadya theka. Sankakamba zambiri, koma mvula ikagwa masiku angapo osakata ankakhala chete tsiku lonse, osadya. Mu 2019 zikalata zakale za boma la Britain zinaonetsa poyera kuti nkhondo itatha, ndalama yothokozera ya msilikali wachizungu wopanda udindo inali mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, pamene wakuda wa udindo womwewo anali mashilingi 3 ndi theka. Matope anali amodzi, chipolopolo chinali chimodzi, koma ndalama anasiyanitsa. Agogo aja anamwalira asanamve kuti nkhaniyi yaululika, ngakhale ndikhulupirira ankaidziwa kale.

Titalandira ufulu mu 1964 bataliyoni yoyamba ya Keyala ndi imene inasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 General Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamula ami yonse. M'badwo wa amalume nkhondo yawo inali ya Mozambique. Ife a kumalire tinaiona ndi maso, Milange itagwa m'manja mwa Renamo mu 1986 anthu anakhamukira kuno kudzera pa Muloza, mitolo pamutu, ana kumbuyo, ndipo kuyambira 1987 asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, chifukwa ndi kumene katundu wa dziko lino ankadutsa. Kunali mabomba okwirira, kunali kubisaliridwa, anthu anafako, koma nthawi imeneyo zinthu ngati izi sizinkanenedwa pa wailesi, maliro ankangofika. Kenako Operation Bwezani mu Disembala 1993 polanda zida a Payoniya, ntchito yosungitsa mtendere ku Rwanda mu 1994, Ivory Coast, ndi Congo kumene kuyambira 2013 tinali mu brigedi imodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 pafupi ndi tauni ya Beni ku Congo komweko Amalawi 6 anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala ali pa mtetete zipolopolo zikugwa, anapita kukamukoka, akumupatsa thandizo loyamba iyeyo nkuwomberedwa. Wa ku Tanzania uja anapulumuka. Mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa asilikali osungitsa mtendere. Amalume atamva nkhaniyi anangoti ndi mmene tinaphunzitsidwira, mnzako sumusiya. Mu Januwale 2025 tinatayanso anyamata ena atatu kummawa kwa Congo komweko.

Nde taganizani munthu woti zaka 20 kapena 25 wakhala moyo umenewu, wodziwa kuti akagwa wina amukoka, akasowa amufuna, akadwala sajeni afika pakhomo. Tsiku lina amamupatsa kalata, amabweza yunifolomu ndi zida ku sitolo, amatuluka m'nyumba ya ku balaki, lole imamutula kumudzi ndi katundu wake, kaya ku Limbuli, kaya ku Thekerani, kaya ku Masambanjati. Mmawa wotsatira amadzuka 4 koloko monga mwa chizolowezi, kulibe lipenga, kulibe perete, palibe amene akufunsa ngati alipo. Ndalama yopumira ikabwera abale amachuluka, wina fizi, wina malata, wina mpamba wa geni, ndipo poti kuno malo ndi ochepa, mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili pansi pa tiyi, sungati ndikalima fodya maekala asanu ngati anzathu a ku Kasungu. Ambiri kwathu kuno ndi achikamwini, nde munthu amene ankalamula anthu 30 amapezeka akukhala pamudzi pa akazi ake, pa kamunda koti mwini wake ndi apongozi. Pakatha zaka ziwiri zitatu ndalama ija yatha, penshoni ya pamwezi kukwera kwa zinthu kwaidya, ndipo mumamupeza pa geti ya esiteti kapena pa sitolo ya mwenye ku Limbe ali ndi chibonga, akulondera usiku. Ulonda si ntchito yonyozeka, agogo aja anatilera nawo. Chimandipweteka nchoti munthu wodziwa kumanga mlatho kapena kukonza injini ya ndege dziko lilibe pomugwiritsa ntchito pena kuposa pa geti.

Palinso mabala osaoneka. Kumudzi timangoti uje anabwera ku Congo mutu sukuyenda bwino, kapena timati anakhwimira nkhondo ndiye zikumubwerera, kapena timangomutcha chidakwa. Munthu akulephera kugona, akamva chitseko chamenyeka amadzidzimuka, amakalipira ana popanda chifukwa, amakhala pa kachasu kuyambira mmawa kuti mutu ukhale chete. Amenewa ndi matenda, ali ndi chithandizo chake, koma msilikali sangakhale pansi nkufotokozera munthu wamba zimene anaona, amaona ngati sumumvetsa, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Amamasuka kwa mnzake amene analiko. Amalume ine amandiuza za milatho ndi za maudindo, koma za tsiku limene galimoto ya patsogolo pawo inaponda bomba ndinazimva kwa azakhali, akazi awo, osati kwa iwo.

Apa mpamene mabungwe a asilikali opuma amafunikira. Lalikulu m'dziko muno ndi Veterans and Ex-Service League of Malawi, VELOM, lomwe kale linkatchedwa CELOM, ndipo limagwirizana ndi Royal Commonwealth Ex-Services League ya ku Britain imene yakhala ikuthandiza okalamba amene anamenyera ufumu wa Britain ufulu usanabwere. Novembala ikayandikira mumaona timaluwa tofiira ta popi pa majekete a nduna ndi owerenga nkhani pa TV, mtsogoleri wa dziko amagula kaye koyamba, ndalama zake nzothandizira asilikali akale. Lamulungu lachiwiri la Novembala anthu amasonkhana pa zipilala ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, 11 koloko ikakwana kumakhala chete kwa mphindi ziwiri, lipenga nkulira, nkhata zamaluwa nkuikidwa. Ku Zomba kufupi ndi chipilala cha Keyala kulinso nyumba zosungirako asilikali okalamba. Zonsezi nzabwino ndipo amene amazigwira ndimawalemekeza, popi gulani ndithu mukamuona.

Koma tiyeni tiwerengere. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1945 lero ali pafupi zaka 100. M'badwo wa Burma watsala pang'ono kutheratu, ndipo thandizo lochokera ku Britain linamangidwa pa m'badwo umenewo ndi akazi awo amasiye, silidzasamukira kwa a Nacala kapena a Beni, amenewo ndi athu, anatumidwa ndi boma lathu. Ndiye funso nlakuti bungwe la asilikali opuma likhala la mwambo wa Novembala basi, kapena likhala chimene sekishoni ndi pulatuni zinali kwa munthu ali pa ntchito. Zomba ndi kutali kwa nkhalamba ya ku Muloza yoti miyendo inatupa, thiransipoti yokha yopita ndi kubwera ikudya gawo lalikulu la penshoni yake. Amalume atakhala ndi vuto pa mapepala awo anayenda maulendo kumaofesi a mumzinda mpaka nsapato kutha, lero bwana kulibe, mawa fayilo sikuoneka, ndipo chinawathandiza pomaliza si ofesi, anali mnzawo wakale wa turupu imodzi amene ankadziwa khomo loyenera kugogoda. Nanga amene alibe mnzake wotero? Nanga mayi wamasiye amene sadziwa ngakhale nambala ya usilikali ya mwamuna wake?

Chimene chikundipatsa chiyembekezo ndachiona konkuno. Amalume ndi anzawo angapo opuma, ena a pansi, mmodzi anali dalaivala, wina anali wa bandi, wina makaniko wa ndege, anayamba kumakumana mwezi ndi mwezi penshoni ikatuluka, pa khonde la sitolo ina pa tireding'i senta. Alibe dzina, alibe ofesi, ali ndi kope lachikuto cholimba ndi gulupu ya pa WhatsApp ya amene ali ndi mafoni oyenera. M'kopemo analemba aliyense, dzina, nambala, gulu limene anali, mudzi, mfumu, matenda amene ali nawo, ndi dzina la mkazi wake. Amasonkha kangachepe. Msonkhano ukayamba amaitana mayina monga kale, ndipo amene sanayankhe amatuma anthu awiri pa kabaza kuti akamuone sabata isanathe. Umu ndi mmene anapezera mnzawo wina atagona masiku ndi bala la shuga pa phazi, akubisa, nkumutengera kuchipatala mwendo usanafike podula. Pamaliro amabwera atavala malaya oyera ndi mamendulo, amanyamula bokosi okha mwa dongosolo lawo, ndipo sachoka asanakhale pansi ndi mayi wamasiye ndi mwini mbumba kuona kuti mapepala ali kuti ndipo ayambira pati. Amayitanabe ndi maudindo, a Sajeni, a Kopolo, a Staff, ngakhale ena akugulitsa nthochi ndi nanazi pa msewu.

Ine ndikanakonda bungwe lalikulu litatsikira pa timagulu ngati timeneti, m'boma lililonse, kwa T/A aliyense, nkutipatsa mphamvu ndi njira yofikitsira madandaulo kumtunda, chifukwa dongosolo analiphunzira kale, safunika semina. Ndikanakondanso a khonsolo akamakonza makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi ya m'mphepete mwa phiri ndi mwa Ruo, Likhubula ndi Thuchila, aziyamba afunsa kuti kodi kuno kuli msilikali wopuma, chifukwa munthu wodziwa kuwerenga anthu, kumanga chingwe chowolokera, kunyamula wovulala ndi kulankhula pa wailesi mosasokoneza ali pomwepo, ndipo Freddy wina adzabweranso. Ndipo inu amene kwanu kuli kachitini ka mamendulo kapena kabuku ka agogo a Keyala, kajambuleni pa foni lero, tsamba lililonse, makamaka nambala, musanakapeze chiswe chitamaliza. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ami inayamba kulemba akazi, nde posachedwapa opuma ena akhala azimayi, ndipo kope lija liyenera kudzakhala ndi malo a dzina la mwamuna wamasiye.

Panopa pa khonde paja pali mkangano umene sunathe. Pali bambo wina wa mudzi wapafupi amene anali ku Nacala nthawi imodzi ndi amalume, koma anachotsedwa ntchito asanafike popuma chifukwa cha mowa ndi kujomba, alibe penshoni, alibe mendulo, ndipo masiku ano akudwaladwala. Ena akuti m'kope asalowe, anaipitsa yunifolomu, ndipo ndalama zosonkha nzochepa kale moti sizikukwanira ngakhale amene anamaliza bwino. Makaniko wa ndege uja ndi amene walimba kwambiri pamenepa, akuti lamulo likafewa kwa mmodzi mawa abwera khumi. Amalume akuti mowa umenewo unayamba atabwera ku Nacala, iwo anamuona asanapite ndipo anamuona atabwera, sanali munthu mmodzi, ndiye ngati sangalandire ndalama bola alembedwe dzina kuti akasowa azikamuona. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka osagwirizana, ndipo agwirizana zodzaikambanso penshoni ya mwezi wamawa ikatuluka, bamboyo atamuitana kuti adzadzilankhulire yekha.